Kusintha sipuloketi kuti injini ipume pa msewu waukulu

Njinga zamoto zambiri, makamaka zazing'ono ndi zapakatikati, zikafika pa msewu waukulu zimachita ngati zasowa giya imodzi. Mwalowa kale giya yomaliza, liwiro lili pa makilomita 90 kapena 100 pa ola, koma injini ikulira mokweza ndipo phazi likungopita lokha kukafuna giya imene kulibe. Zigwiriro zikunjenjemera, magalasi sakuonetsanso bwino zakumbuyo, pakatha ola limodzi zala zachita dzanzi. Apa m'pamene anthu amayamba kulangizana: ika sipuloketi (gudumu la mano limene tcheni chimayendapo) yaikulu kutsogolo, kapena yaing'ono kumbuyo, injini ipume.

Malangizowo si abodza. Kungoti owapereka amatchula zimene mupindule n'kusiya zimene mulipire. Sipuloketi siwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Imangogawa mphamvu imene ilipo kale, ina ipite ku liwiro, ina ipite ku kukoka. Kusinthako kumayenda bwino ngati injini yanu ili ndi mphamvu yotsala pa liwiro limene mumakonda kuyenda. Ngati ilibe, mumagula vuto lina ndi ndalama zanu.

Tiyambe ndi njira imene mphamvu imadutsa. Geji ya rpm imawerenga maulendo amene injini yazungulira pa mphindi imodzi. Tayala silingazungulire mofanana ndi injini. Likanatero, pa 6,500 rpm njinga ikanayenera kuthamanga makilomita oposa 700 pa ola, ndipo ikanalephera n'kunyamuka komwe. Ndiye kuzungulirako kumachepetsedwa panjira: koyamba pakati pa injini ndi kilatchi, kenako kumasinthidwa mu giyabokosi, komaliza pa tcheni, pakati pa sipuloketi yaing'ono yakutsogolo ndi yaikulu ya pa tayala lakumbuyo. Malo awiri oyambawo ali m'kati, ndipo kuwasintha n'kumasula injini yonse. Achitatuwa ali panja, agwiridwa ndi manati owerengeka, n'chifukwa chake aliyense amathamangira kumeneko. Amene njinga zawo zimayendera shafiti, kapena masikuta oyendera lamba wosintha magiya yekha, nkhaniyi siikuwakhudza kwenikweni.

Masamu ake ndi osavuta. Tengani mano a sipuloketi yakumbuyo, mugawe ndi mano a yakutsogolo. Njinga ya mano 45 kumbuyo ndi 15 kutsogolo imapereka 3.00, kutanthauza kuti yakutsogolo izungulire katatu kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukaika ya mano 16 kutsogolo, nambala imatsika kufika pa 2.81. Mukasiya 15 kutsogolo n'kuika 42 kumbuyo, imafika pa 2.80, pafupifupi chimodzimodzi. Apa m'pamene pamachokera mawu a amakaniko oti dzino limodzi kutsogolo ndi mano atatu kumbuyo. Ndi oona pa njinga imene nambala yake ili pafupi ndi 3, koma pa njinga ya 17 ndi 38 dzino limodzi lakutsogolo limangofanana ndi mano awiri ndi pang'ono. Nambala ikatsika magiya atalika, njinga imayenda mtunda wokulirapo injini ikazungulira kamodzi. Ikakwera, monga 45 kugawa ndi 14 imene ndi 3.21, magiya afupika, njinga imakoka mwamphamvu koma injini imalira kwambiri.

Tione pa njinga yongoyerekeza. Tayala lakumbuyo lalembedwa 130/70-17. Rimu ya mainchesi 17 ndi mamilimita 432. Khoma la tayala ndi 70 peresenti ya mamilimita 130, amene ndi 91, ndipo lilipo pamwamba ndi pansi, choncho tayala lonse ndi lalitali mamilimita 614. Likagubuduka kamodzi limayenda pafupifupi mamita 1.93. Pa makilomita 100 pa ola njinga imadutsa mamita 1,667 pa mphindi, ndiye tayala limazungulira maulendo 864. Kuchulukitsa ndi 3, sipuloketi yakutsogolo ikuzungulira maulendo pafupifupi 2,590. Tinene kuti za m'kati mwa injini zija, mu giya yomaliza, zimachulukitsa ndi 2.5. Injini ili pafupi ndi 6,500 rpm.

Simufunika kubwereza masamu onsewa nthawi zonse. Mukadziwa rpm ya njinga yanu pa liwiro linalake, zotsalazo n'zachidule. Posintha yakutsogolo, chulukitsani rpm ndi mano akale, mugawe ndi mano atsopano: 6,500 kuchulukitsa ndi 15, kugawa ndi 16, yankho ndi pafupifupi 6,100. Posintha yakumbuyo zimatembenuka, mumachulukitsa ndi mano atsopano n'kugawa ndi akale: mano 43 amapereka 6,210, mano 42 amapereka 6,070. Mukachita zonse ziwiri, 16 kutsogolo ndi 42 kumbuyo, injini imatsika kufika pafupi ndi 5,700, kumene ndi kuchotsa 12.5 peresenti. Kumeneko n'kusintha kwakukulu, ndipo njinga zochepa mphamvu sizikulandira bwino.

Ambiri amakhumudwa akaona kuti dzino limodzi langochotsa 400 rpm, chifukwa amayembekezera kuti zikhala ngati awonjezeredwa giya yathunthu. Komabe 400 rpm nthawi zina n'zokwanira. Injini za silinda imodzi kapena ziwiri zimakhala ndi malo ake pa geji pamene zimanjenjemera kwambiri, ndipo kupitirira kapena kutsika pang'ono zimakhala bata. Ngati liwiro lanu la ulendo limagwera pa malo amenewo, kusuntha pang'ono kumachotsa dzanzi m'manja. Izi mungaziyese musanagule chilichonse. Mu giya yomaliza, tsikani liwiro mpaka geji ifike pa rpm imene mwawerengera ija, mumve m'zigwiriro ndi m'zopondera. Ngati pamenepo m'pabata, muli ndi chifukwa chabwino. Ngati pamenepo m'pamene ikunjenjemera koposa, mukanangosamutsira vutolo pa liwiro limene mumalifuna.

Tsopano mtengo wake. Mukachotsa 6 peresenti pa rpm, mwachotsanso 6 peresenti pa mphamvu imene tayala limakankhira msewu, ndipo mwaichotsa m'magiya onse, osati yomaliza yokha. Aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya akuzidziwa: giya yolimba imakoma pamalo a see, miyendo ikuyenda pang'onopang'ono, koma ikangobwera mphepo yakumaso kapena chikweza mumaimirira pa zopalasira, liwiro n'kutsika kuposa mnzanu amene ali pa giya yofewa. Injini nayo imakumana ndi zomwezo.

Chimene chimadya mphamvu pa msewu waukulu ndi mphepo, ndipo imadya mopanda chifundo. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepo kumawirikiza kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuigonjetsa imawirikiza maulendo 8. Kungochoka pa makilomita 100 kufika pa 120 pa ola kumafuna mphamvu yoposa ndi 73 peresenti. Wokwera njinga yamoto alibe thupi losalala ngati la galimoto. Chifuwa, mawondo, chikwama chakumbuyo, mabokosi a m'mbali, zonse zimagwira mphepo.

Apa m'pamene njinga zimasiyana. Ya 600 cc kapena 1,000 cc ikamayenda makilomita 100 pa ola imagwiritsa ntchito gawo laling'ono la mphamvu zake. Kuiwonjezera dzino limodzi kutsogolo siimva n'komwe, ndipo mwini wake amangoona kuti ulendo wafewa. Ya 125 cc kapena 150 cc pa makilomita 90 imakhala itapereka kale pafupifupi zonse zimene ili nazo. Injini yaing'ono chotero mphamvu zake zimapezeka pamwamba pa geji, pamene ikulira kwambiri pomwepo. Mukaitsitsa rpm mwaichotsa pamalo pamene inali yamphamvu, n'kuisiya ikulimbana ndi mphepo yomwe ija. Zotsatira zake n'zodabwitsa kwa amene sanaziganizire: liwiro lapamwamba limatsika m'malo mokwera, njinga imathamanga kwambiri mu giya yachinayi kuposa yachisanu, ndipo pa kachikweza kalikonse mumatsitsa giya. Giya yotsitsidwayo imakweza rpm kupitirira pamene inali musanasinthe chilichonse.

Pali njira yodziwira mbali imene njinga yanu ili. Pamalo a see, otetezeka, pamene malamulo akulola, onani mmene imachitira mu giya yomaliza. Ngati geji ya rpm imakwera msanga mpaka kuyandikira chizindikiro chofiira choonetsa malire a injini, injini ili ndi mphamvu yotsala ndipo magiya ndi amene akuiletsa. Imeneyo ingalandire dzino limodzi. Ngati imaima yokha kutali ndi chofiira ngakhale mwatsegula moto wonse, ikuletsedwa ndi mphepo, ndipo kutalikitsa magiya kungoiwonjezera katundu. Kwa njinga zazikulu zimene simungaziyese chotero pa msewu wa anthu onse, ingoonani dzanja lanu pa liwiro la ulendo. Ngati mwangopotoza moto pang'ono, ndipo kuwonjezera pang'ono kumaithamangitsa nthawi yomweyo ngakhale pa chikweza, malo alipo.

Ine ndimaona kuti anthu ambiri amaopa kulira kwa injini mopitirira muyeso. Injini yaing'ono inapangidwa kuti izizungulira mothamanga. Pisitoni yake ndi yopepuka ndipo imayenda mtunda waufupi. Ikakhala ndi oyilo wabwino wokwanira, kuyenda pansi pa chizindikiro chofiira si kuipha. Chimene chimaizunza ndi kuipanikiza, kutanthauza kutsegula moto wambiri pamene rpm ili pansi. Imabuula, tcheni chimagwedezeka, nthawi zina mumamva kugogoda m'kati, ndipo kutentha kumakwera. Injini yoziziritsidwa ndi mphepo, imene yanyamula anthu awiri pa chikweza chachitali mu giya yotalikitsidwa, imavutika kuposa imene ikulira momasuka.

Za mafuta, musayembekezere zozizwitsa. N'zoona kuti injini ikamazungulira pang'ono imataya mphamvu zochepa pa kukhulana kwa zitsulo ndi pokoka mpweya, choncho pa njinga ya mphamvu yotsala petulo angapulumuke pang'ono. Koma mphepo imene mukuidula ndi yomwe ija, ntchito yake sinachepe. Ngati kusinthako kukukakamizani kutsegula moto wonse nthawi yaitali, injini zambiri zimamwa petulo wowonjezera zikafika pamenepo, ndipo phindu lija limatha. Kuchepetsa liwiro ndi makilomita 10 pa ola kumapulumutsa mafuta ambiri kuposa sipuloketi iliyonse.

Musaiwale giya yoyamba. Nayo yatalika. Ponyamuka mufunika kutulutsa kilatchi mochedwa, ndipo pa chikweza muli ndi wokwera kumbuyo kapena katundu imatentha ndi kutha msanga. Mu mzere wa galimoto zoyenda pang'onopang'ono njinga imafuna kuthamanga kuposa mzerewo, dzanja lamanzere n'kutopa. Amene theka la maulendo ake ndi a m'tauni kapena m'misewu yafumbi aganize kawiri.

Mwasankha kusintha. Musinthe iti? Ngati malo alipo, yakutsogolo ndi imene ndingayambire. Ndi yotsika mtengo, siifuna kuchotsa tayala, ndipo kawirikawiri tcheni chakale chimakwanira. Ilinso ndi ubwino wina: tcheni chikamazungulira sipuloketi yaikulupo, linki iliyonse imapindika pang'ono, ndiye chimatha mochedwa. N'chifukwa chake amene akufuna kufupikitsa magiya amalangizidwa kuwonjezera mano kumbuyo kusiyana ndi kuika kasipuloketi kakang'ono kwambiri kutsogolo. Vuto la yakutsogolo ndi malo. Pa tcheni cha 520 (nambala yosonyeza kukula kwa tcheni), dzino lililonse lowonjezera limasendeza tcheni panja ndi mamilimita pafupifupi 2.5. Zikuoneka zochepa, koma pa injini zina pamenepo pali chivundikiro, kachitsulo koteteza injini tcheni chikaduka, kapena kandodo kokankha kilatchi. Chotsani chivundikiro muone ndi maso musanagule.

Yakumbuyo ndi yabwino mukafuna kusintha pang'ono, chifukwa dzino limodzi pa 45 ndi 2 peresenti yokha. Koma ikachepa kwambiri, tcheni chimayandikira swingarm, chitsulo chija chimene chimagwira tayala lakumbuyo, n'kuyamba kudya labala kapena pulasitiki yotetezera pamenepo. Posankha, ya chitsulo imakhalitsa kuposa ya aluminiyamu. Ya aluminiyamu ndi yopepuka, ndi ya anthu a mipikisano, ndipo kwa woyenda maulendo ataliatali ilibe phindu.

Kutalika kwa tcheni kuli ndi masamu ake. Dzino lililonse, kaya kutsogolo kaya kumbuyo, limatenga theka la linki, ndipo chifukwa tcheni chili ndi mbali ziwiri, yapamwamba ndi yapansi, ekiselo imasuntha gawo limodzi la magawo anayi a linki. Pa tcheni cha 520 amenewo ndi mamilimita pafupifupi 4, pa cha 428 ndi oposa 3 pang'ono. Kuwonjezera dzino kutsogolo kumakokera tayala kutsogolo ndi mamilimita 4. Kuchotsa mano atatu kumbuyo kumalibweza m'mbuyo ndi mamilimita 12, ndipo ngati zokokera tcheni zinali kale kumapeto, mufunika kudula. Tcheni chimadulidwa kapena kuwonjezeredwa malinki awiriawiri, ndipo awiri amenewo amasuntha ekiselo ndi mamilimita pafupifupi 16 pa cha 520. Yang'anani mpata umene watsala pa zokokera musanaitanitse katundu.

Manambala a pa tcheniwo ali ndi tanthauzo. Yoyamba imanena mtunda wa pakati pa mapini, poyeza m'magawo 8 a inchesi: 4 ndi theka la inchesi, mamilimita 12.7, ndipo 5 ndi mamilimita 15.875. Otsatirawo amakhudza kukula kwa m'kati. Matcheni a 520, 525 ndi 530 ali ndi mtunda wofanana pakati pa mapini koma amasiyana m'lifupi, choncho sipuloketi ya 530 siingalowe m'tcheni cha 520, ndipo ya 520 imagwedera m'tcheni cha 530. Zonse zitatu, masipuloketi awiri ndi tcheni, zikhale za nambala imodzi. Ena amadandaulanso zoti mano akhale a nambala yosagawika ndi 2. Chifukwa chake chilipo: malinki a tcheni amasinthana, wina wam'kati wina wakunja, ndipo pa sipuloketi ya mano 15 dzino lililonse limakumana ndi mitundu yonse iwiri, pamene pa ya 16 limakumana ndi mtundu umodzi wokha. N'zoona, koma tcheni chouma chosathiridwa oyilo chimawononga mano msanga kuposa zimenezi.

Nthawi yabwino yosinthira magiya ndi pamene tcheni ndi masipuloketi zatha, muzigule pamodzi. Tcheni chakale chimakhala chitatalika chifukwa mapini adyeka, ndipo chimasema mano atsopano kuti afanane nacho. Kuti mudziwe, chikokeni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi ya pa tayala. Chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chatha. Mano opindika ngati mbedza kapena osongoka akunena zomwezo. Ngati tcheni chikadali chatsopano, kusintha yakutsogolo yokha palibe vuto.

Chimene ambiri amachizindikira mochedwa ndi sipidomita. Ngati njinga yanu imawerenga liwiro kuchokera pa tayala lakutsogolo, kaya ndi kebulo kaya ndi masensa a ABS (chipangizo choletsa tayala kutsekeka pogwira buleki), palibe chimene chisinthe. Koma njinga zambiri zimawerenga kuchokera pa giyabokosi, ndipo sizidziwa kuti mwasintha mano. Pochoka pa 15 kupita pa 16, liwiro lenileni limakwera ndi 6.7 peresenti pa nambala yomweyo ya pa geji. Chimene chimapulumutsa ambiri n'chakuti masipidomita amachoka ku fakitale akuwerenga mopitirira. Lamulo nambala 39 la United Nations lokhudza zipangizozi, limene mayiko ambiri amatsatira, limaletsa sipidomita kuonetsa liwiro lochepera lenileni, koma limalola kupitirira mpaka 10 peresenti kuphatikiza makilomita 4 pa ola. Choncho dzino limodzi nthawi zambiri limangoiyandikizitsa ku choonadi. Mukapitirira pamenepo imayamba kunama mbali yoopsa, mukuona 100 pamene mukuthamanga kuposa apo. Yerekezani ndi GPS ya pa foni. Geji yowerenga makilomita nayo imatsalira ndi 6 peresenti, ndiye mukamawerengera mafuta ndi iyo mudzaganiza kuti njinga yayamba kumwa kwambiri pamene sizili choncho, ndipo nthawi yosinthira oyilo idzakupitirirani pang'ono. Pa njinga zina zatsopano, kachizindikiro koonetsa giya imene mwalowa kamadalira kuyerekeza liwiro ndi rpm, ndipo kangasokonezeke.

Pomanga, masulani nati ya sipuloketi yakutsogolo tcheni chikadali pamalo pake, mnzanu ataponda buleki yakumbuyo. Mukayamba n'kuchotsa tcheni, shafiti imangozungulira ndipo mulibe choigwirira. Onetsetsani mbali imene yakale inayang'ana, chifukwa masipuloketi ena ndi otupa mbali imodzi, ndipo kuitembenuza kumapotoza mzere wa tcheni. Washala yopinda imene imatseka nati ikhale yatsopano, ndipo natiyo imangidwe pa mlingo umene buku la njinga likunena. Nati imeneyi ikamasuka muli pa liwiro, tcheni chingatseke tayala kapena kuboola injini. Ngati linki yolumikizira ndi ya kakilipu, mbali yotseka ya kakilipuko iyang'ane kumene tcheni chikupita. Injini ikhale yozima nthawi yonse imene zala zili pafupi ndi mano. Pomaliza yezani kulendewera kwa tcheni pamalo amene chakungika kwambiri, potembenuza tayala ndi dzanja. Njinga zambiri za pa tala zimafuna mamilimita a pakati pa 20 ndi 35, za m'tchire zimafuna ochulukirapo, koma nambala yeniyeni ili m'buku kapena pa kapepala komata pa swingarm. Zizindikiro za zokokera zifanane mbali zonse ziwiri kuti tayala liyende mowongoka.

Poyesa, musasankhe tsiku labata ndi msewu wotsetsereka, chifukwa pamenepo magiya aatali amakoma pa njinga iliyonse. Pitani pa msewu umene mumaudziwa, ndi katundu amene mumanyamula nthawi zonse, mudutse chikweza chimene kale mumakwera mu giya yomaliza, mubwerenso moyang'anana ndi mphepo. Yesani kupitirira galimoto yaikulu muone ngati mukufunika kutsitsa magiya awiri pamene kale mumatsitsa imodzi. Ngati theka la ulendo mwalithera mu giya yachiwiri kuchokera kumapeto, mwatalikitsa mopitirira, ndipo mubwezeretse sipuloketi yakale kapena muwonjezere dzino limodzi kapena awiri kumbuyo. Mukayenda makilomita mazana angapo oyambirira, yezaninso kulendewera kwa tcheni ndi kulimba kwa manati onse amene munawagwira.